Mbuya adatisenza, koma adatitula pati?

Kwathu kwa Chapananga, ndi m'chigwa chonse cha Shire kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, pali dzina limene silichedwa kutuluka nkhani ya ndale ikangoyamba. Kaya ndi pamaliro usiku amuna akuwotha moto, kaya pamsika wa ng'ombe, kaya pamzere wodikira kugulitsa thonje, wina amangousa moyo n'kuti, "Akadakhalapo Mbuya, izi sizikadachitika." Palibe amafunsa kuti Mbuya wake uti. Aliyense amadziwa kuti akunena a Gwanda Chakuamba Phiri, mwana wa ku Chinyanje ku Nsanje, amene adatisiya pa 24 Okutobala 2016.

Ndikamva mawu amenewa mtima wanga umagawikana. Kwina ndimavomera, chifukwa chigwa chino sichidaberekenso munthu amene adafika pamene a Chakuamba adafika. Kwina ndimadzifunsa kuti, nanga pa zaka zoposa 40 zimene Mbuya adali pabwalo la ndale, zimene tikudandaulazi zidalekeka liti? Ndikufuna tikambe za bamboyu ndi ulemu woyenera wamkulu amene adagona, koma mosabisa kanthu, chifukwa adali munthu wamkulu kwambiri moti safunika kumutchinjiriza ku mbiri yake yomwe.

A Chakuamba adabadwa mu 1934, Nsanje ikutchedwa Port Herald. Adakula pa nthawi imene alimi a kuchigwa ankalimbana ndi boma la atsamunda pa nkhani ya malimidwe. Alangizi ankakakamiza anthu kuunda mizere m'minda, wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa, chonsecho makolo athu ankadziwa kuti dothi la kuno, ndi dzuwa lake lowotcha lija, lili ndi kalimidwe kakekake. Nthawi imeneyo imakumbukiridwa kuti nkhondo ya mitumbira, ndipo ngakhale a ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi adaikana mizereyo. Mkwiyo umenewu ndiwo udatsegulira chipani cha Kongeresi khomo kuchigwa kuno. Mnyamata wa ku Chinyanje, wophunzira, wa mawu amphamvu, wosaopa mzungu, adasanduka wolankhulira anthu akwawo, ndipo adalowa m'Nyumba ya Malamulo dziko lisanalandire ufulu.

Mu 1964, patangopita miyezi iwiri mbendera ya Malawi itakwera, nduna zidayambana ndi a Kamuzu Banda. A Henry Masauko Chipembere, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza ndi anzawo adachoka m'boma. A Chakuamba adaima ndi Ngwazi, ndipo kuyambira pamenepo adangokwerakwera: unduna uwu ndi uwo, nduna yoyang'anira chigawo chakummwera, komanso mkulu wa gulu la Malawi Young Pioneers, apayoniya aja.

Anthu akwathu akamawerenga zabwino za nthawiyo amatchula fakitale ya shuga ya ku Nchalo imene idayamba mu 1966, masikimu a mpunga a Kasinthula, Nkhate ndi Muona, mlatho wa Kamuzu pa Shire, ndi misika ya thonje imene inkatsegulidwa nthawi yake. Amati linali dzanja la Gwanda, ndipo n'zomveka kutero, pakuti ndiye mwana wa kuchigwa amene ankalowa kwa Ngwazi. Koma amene adakula masiku amenewo amakumbukiranso zina. Amakumbukira mayi wobwezedwa pachipata cha msika, ngakhale cha chipatala, chifukwa alibe khadi la chipani. Amakumbukira nkhuku ndi mbuzi zotengedwa m'midzi ati mphatso za Ngwazi. Amakumbukira a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, akumenyedwa, nyumba zawo zikutenthedwa, mu 1972 akuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi. Apayoniya adaphunzitsadi achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, izo n'zoona. N'zoonanso kuti adali chikwapu cha chipani, ndipo amene adalitsogolera gululi sangakhale kunja kwa mbiri imeneyo. Ife a kuchigwa timakonda kudumpha gawo ili. Tisamalidumphe, chifukwa ena mwa omenyedwawo adali abale athu a m'midzi yomwe ino.

Kenaka chikwapu chija chidatembenukira mwini wake. Mu Febuluwale 1980 a Chakuamba adamangidwa pa mlandu wofuna kuukira boma. Mlandu udazengedwa m'bwalo la mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo adawalamula kukhala m'ndende zaka 22. Munthu amene dzulo lake ankayenda ndi mdipiti wa galimoto adazimiririka ngati sadakhaleko. Kutchula dzina lake pagulu kudali kudziputira tsoka. Adakhala m'ndende zaka 13. Ndikaganiza za zakazo ndimagwira pakamwa, chifukwa ambiri amene adalowa m'ndende za nthawi imeneyo adatuluka osweka mtima, ena sadatuluke n'komwe. Iwo adatuluka mutu uli bwinobwino, mawu ali pomwepo.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa a Chakuamba ali m'ndende chigwa chino chidali ndi phungu wina amene dzina lake silimveka pamoto wa pamaliro uja. Ndikunena a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Mu Meyi 1983, iwowa pamodzi ndi nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, adagwidwa ndi apolisi ku Zomba akuchokera ku Nyumba ya Malamulo. Adawagoneka ku Mikuyu, kenaka adawatengera ku Thambani m'boma la Mwanza, kumene adawapha powamenya, n'kuika mitembo yawo m'galimoto ya Peugeot, n'kuikankhira kuphedi kuti zioneke ngati ngozi. Dziko lidauzidwa kuti anthuwa adafa pangozi akuthawa. Abale sadaloledwe kulira maliro monga mwa mwambo. Choona chidatuluka pambuyo pa 1994, pamene bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Jaji Michael Mtegha lidamva umboni wa zimene zidachitika. Mlandu umene udatsatira udatha mu Disembala 1995, khoti litapeza a Kamuzu Banda, a John Tembo ndi anzawo osalakwa.

Anthu anayiwa sadagwire mfuti. Ankadziwika ndi kulankhula poyera za kayendetsedwe ka chuma cha boma ndi za m'mene dziko linkalamulidwira, pa nthawi imene phungu ankayembekezeka kungowomba m'manja. Mwa anayiwo, a Chiwanga okha ndiwo sadali nduna. Adali phungu wamba, wopanda mbendera pagalimoto, wochokera kuno kotentha kuno. Ndipo Thambani si kutali ndi ife. Msewu wathu womwewu, wochokera ku Chikwawa kudzera kwa Chapananga, ukakwera mapiri kulowera ku Mwanza umadutsa komweko. Amalonda athu amadutsapo ndi njinga zamoto tsiku ndi tsiku. Koma funsani ana a sukulu za kwathu kuti David Chiwanga adali yani, muone ngati manja akwere.

A Chakuamba adatuluka m'ndende mu 1993, chaka cha riferendamu. Adayamba alowa UDF, koma posakhalitsa adabwerera ku Kongeresi, chipani chomwe chidawamanga, n'kukhala mlembi wamkulu. Mu Okutobala chaka chomwecho a Kamuzu adapita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo dziko lidasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: a Chakuamba ngati wapampando, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Taganizani, chaka chomwecho munthu wavala zaukaidi, chaka chomwecho akuyendetsa dziko. Ali pampandopo, kumayambiriro kwa Disembala, asilikali adaukira apayoniya ndi kuwalanda zida pa zimene zidatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri a iwo adathawira ku Mozambique. Gulu limene adalilera lidatha iwo akuona.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 ndicho chidaonetsa mphamvu zenizeni za Mbuya. Adaima ngati wachiwiri kwa a Kamuzu. Chigawo chakummwera chidathamangira kwa a Bakili Muluzi ndi UDF, koma Nsanje idavotera tambala wakuda. Sikuti anthu a ku Nsanje adaiwala makhadi ndi zikwapu ayi. Adavotera Gwanda. Akadaima pa chizindikiro china chilichonse akadamutsata komweko, ndipo zaka zotsatira zidatsimikiza zimenezi. Mu 1999, atagwirizana ndi a Chakufwa Chihana a AFORD, adapeza mavoti 45 pa 100 alionse, a Muluzi 52. Palibe mwana wa kuchigwa amene adayandikirapo chonchi ku nyumba ya boma. Adakana zotsatira, adapita kukhoti, sizidathandize.

Chimene ndimawalemekezera koposa chidachitika mu 2002. A Muluzi ankafuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri wa dziko aziima kangapo konse m'mene angafunire. Ndalama zidayenda, aphungu ambiri adatembenuka, a Tembo ndi a Chihana omwe adavomera. A Chakuamba ndi aphungu owatsata adakana. Pa 4 Julayi 2002 biluyo idafuna mavoti 128, idapeza 125. Mavoti atatu okha ndiwo adatchinga. Munthu amene adatumikira mtsogoleri wamuyaya, n'kulawa ndende yake, adadziwa kumene njira imeneyo imathera, ndipo pa tsikulo adagwira ntchito ya uphungu m'mene imayenera kugwiridwira. Miyezi ingapo pambuyo pake adamangidwanso kwa kanthawi pa nkhani ya kalata imene ankati adapeka m'dzina la a Muluzi. Aliyense amene lero amasangalala kuti mtsogoleri wa Malawi amalamula matemu awiri basi, ali ndi ngongole kwa mkulu wa ku Chinyanje ameneyu.

N'chifukwa chake za 2004 zimawawa mpaka lero. Atagonja kwa a Tembo pa mpando wa chipani mu 2003, a Chakuamba adatuluka m'Kongeresi n'kuyambitsa Republican Party, ndipo chigwa chidavula tambala n'kuwatsata. Adatsogolera Mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziwiri, a Aleke Banda ali wachiwiri wawo, mipingo ndi mabungwe ali pambuyo pawo. Pa 20 Meyi 2004 a Bingu wa Mutharika adapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse, a Tembo adabwera pachiwiri, a Chakuamba pachitatu. Iwo adati adawabera. Achinyamata adatuluka m'misewu ya Blantyre, apolisi adawombera, anthu adafa. Misozi isanaume, kumayambiriro kwa Juni, a Chakuamba adasayina pangano ndi a Muluzi n'kulowetsa chipani chawo, ndi aphungu ake 15, kumbali ya boma limene ankati n'lobedwa.

Kodi adafunsa yani? Kodi kudachitika msonkhano ku Nsanje, ku Ngabu kapena kwa Chapananga kuno, woti anthu anene maganizo awo? Panganolo lidalemba chiyani za msewu wa kutsidya kwa Shire, za mlatho wa ku Chiromo umene madzi adadula njira yake mu 1997, za mtengo wa thonje? Anthu adangomva pawayilesi. Mavoti a chigwa chonse adali ngati dengu pamutu pa munthu mmodzi: iye akakhota, dengu lakhota, akalitula pakhomo pa amene dzulo ankamutcha wakuba, latulidwa pomwepo, ndipo za m'dengu sizifunsidwa.

Zotsatira zake zidayenda mofulumira. Mu Febuluwale 2005 adakhala nduna ya zaulimi m'boma la a Bingu, mu Sepitembala chaka chomwecho adachotsedwa pakati pa nkhani ya galimoto yapamwamba imene ankati idagulidwa ndi ndalama za unduna. Adayambitsa New Republican Party, adabwerera kwa a Muluzi, ndipo mu 2009 adagonja pa mpando wa uphungu kwawo kwenikweni, kumpoto kwa Nsanje. Anthu omwe adakana mphepo ya 1994 chifukwa cha iwo adatopa nawo.

Koma adatopa ndi munthu, sadatope ndi kachitidwe. Mpando wa Mbuya utatsala wopanda munthu, chigwa chidafunafuna wina woukhala, ndipo chidapeza a Sidik Mia, mwini ng'ombe zambiri, wopatsa, phungu wa Chikwawa Nkombezi kuyambira 2004 mpaka 2014. Nawonso adakhala nduna m'boma la a Bingu, nduna m'boma la a Joyce Banda, mu 2017 adalowa Kongeresi, mu 2019 adaima ngati wachiwiri kwa a Lazarus Chakwera, ndipo adamwalira ndi Covid-19 pa 12 Januwale 2021 ali nduna ya zamtengatenga ndi ntchito za boma. Ambiri adalira moona mtima, pakuti adathandiza anthu osawerengeka ndi chuma cha m'thumba mwawo. Komabe zipani za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zidaphunzira phunziro limodzi pa ife, lakuti kuchigwa sikufunika kukambirana ndi anthu, n'kokwanira kukambirana ndi munthu mmodzi. Manyuzipepala mpaka adazolowera kufunsa kuti chimphona cha ndale kuchigwa pano ndani, ngati kuti anthu a maboma awiri athunthu alibe mitu yawoyawo.

Tsono tiwerenge zimene tidapindula. Msewu wa kutsidya, wochokera pa Thabwa kudzera ku Chitseko kulowera kwawo kwa Mbuya, adaupatsa dzina la Gwanda Chakuamba. Wathu uno wa Chikwawa, Chapananga mpaka Mwanza adaupatsa dzina la Sidik Mia. Maina adabwera msanga kuposa phula. Doko la ku Nsanje lidatsegulidwa mu Okutobala 2010, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pompo, koma zombo zimene tidalonjezedwa sizidabwere. Madzi adatisesa mu Januwale 2015, adabweranso mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, ndipo chaka chilichonse anthu a ku Makhanga ndi madera ena amayambiranso pachiyambi. Nsanje ndi Chikwawa sizichoka pamndandanda wa maboma osauka, chonsecho shuga wa dziko lino amachokera kuno, thonje kuno, ng'ombe zodyedwa m'Blantyre kuno, magetsi a ku Kapichira kuno.

Za mlatho wathu wa pa mtsinje wa Mwanza ndiye zimandiwawa mwapadera. Amene sadziwa Mwanza amamuderera, chifukwa m'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, ana amasewerapo mpira, amayi amafukula madzi ndi chikho. Mvula ikagwa kumapiri amadzaza mwadzidzidzi, kuno kusanagwe n'dontho lomwe. Kwa zaka zambiri amayi oyembekezera ankachezera kutsidya kudikira madzi aphwe kuti akafike ku chipatala cha boma ku Chikwawa, ndipo mtsinjewu udatenga anthu. Mlatho utamangidwa, wa mamita 180, ankati ndi wautali kuposa yonse m'dziko muno, tidavina. Udangotumikira zaka zochepa, namondwe Ana adaudula. Namondweyo adali woopsadi, adagumula ndi damu la ku Kapichira lomwe. Komabe pali mafunso amene ndi phungu yekha ali ndi mphamvu yowafunsa mpaka ayankhidwe. Adajambula mlathowo adayeza madzi ochuluka bwanji? Adauyendera n'kusayina kuti wamangidwa bwino ndani? Ndalama zimene zidatuluka zikufanana ndi ntchito imene idagwiridwa? Nyumba ya Malamulo ili ndi makomiti, ina yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma, amene angaitane mlembi wa unduna ndi akuluakulu oyang'anira misewu kuti adzafotokoze. Ntchito ya phungu ndi imeneyo: kuwerenga bajeti mzere ndi mzere, kuona ngati dera lake lilimo, kubwerera chaka chamawa kudzafunsa kuti ndalama zija zapita kuti.

Ife timamufunsa zina. M'mamawa pakhomo pa phungu pamakhala anthu, wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi ya mwana, wina galimoto yonyamula wodwala, wina malata a tchalitchi. Sindikuwanyoza anthu amenewa. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sangadikire lipoti la komiti, ndipo njala ya kuno, chaka chimene mapira apsa ndi dzuwa dimba n'kukokoloka, si yoseweretsa. Koma phungu amene tamuyeza ndi mabokosi a maliro amafunika ndalama zambiri kuposa malipiro ake, ndipo ndalama zoterozo zimapezeka kumbali ya boma. Ndiye chisankho chikangotha mumamva kuti wadziphatika ku chipani cholamula, ati pofuna chitukuko cha anthu ake. Akakhala kumeneko pakamwa pamatsekeka, chifukwa sungafunse mafunso owawa kwa amene akukudyetsa. Umphawi wathu umabala phungu wopatsa, phungu wopatsayo amakhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kumasunga umphawi uja. Gawo 65 la malamulo a dziko, loletsa phungu kusintha chipani osabwerera kwa omuvotera, lilipo, koma takhala tikuona likupondedwa maboma onse.

Pakadali pano ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsika m'chigwa. Imeneyi ikhoza kusintha moyo wa kuno kuposa china chilichonse chiyambire 1966. Ikhozanso kutha ngati m'mene nkhani zina za malo zidathera, mwini munda n'kusanduka waganyu pamunda wa makolo ake. Amene asaine mapepala a malo ndani, madzi adzagawidwa motani, alimi ang'onoang'ono adzalipira zingati, ng'ombe zidzamwera kuti ndi kudyera kuti? Izi sizifuna chimphona choimika msonkhano wa anthu zikwizikwi. Zifuna aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, kaya ndi a chipani chanji, okhala pansi pamodzi ndi mapepala, oitana mafumu ndi alimi, obwera kudzanena zimene apeza ngakhale si nthawi ya kampeni.

A Chakuamba a pa 4 Julayi 2002 ndiwo ndikufuna ana athu awaphunzire, pamodzi ndi a 1972 ndi a 2004, onsewo popanda kuchotsapo. Ndipo pambali pawo aikepo a David Chiwanga. Misewu iwiri ija idatenga kale maina a zimphona. Mlatho wa pa Mwanza ulibe dzina la munthu, timangouti wa Chapananga. Ndikupempha a Gogo Chalo Chapananga, khonsolo ya Chikwawa ndi phungu wa kuzambwe kwa Chikwawa kuti akapemphe boma liutche dzina la a Chiwanga, ndipo pakhale chikwangwani cholembedwa m'chinenero chathu, chofotokoza kuti adali phungu wa boma lino, adaphedwa mu Meyi 1983 ku Thambani, kutsogolo kwa msewu womwewu, ndi chifukwa chimene adaphedwera.